Tsamba la M'dzinja ndi Tsamba la M'chisanu

Ntchito yanga, m'fakitale ya tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje, ndiyo kulandira masamba ochokera m'madengu a othyola, kuwayala usiku wonse kuti afote, kuwadula ndi makina, kuwadikira kufikira atafiira, ndi kuwaumitsa ndi mpweya wamoto. Ndipo ngakhale anthu anditcha wopanga tiyi, ndidziwa ine kuti pofika tsamba pakhomo panga, nthaka, dzuwa ndi mvula zimakhala zitagamula kale mlandu wake.

M'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, pamene mvula ivumba ndipo nthaka ifunda usana ndi usiku, tiyi aphuka mwaliwiro, kotero kuti gawo lalikulu la zokolola za chaka chonse lilowa m'miyezi yomweyi, makina osapuma, ife tomwe osaona tulo. Munda ubiriwira mokondweretsa mlendo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba limeneli, polifinya m'dzanja, likhala lalikulu ndi lamadzi, ndipo ndikaliviika m'kapu yoyera yolawira, madzi ake atuluka odera, osawala, osagwira lilime.

Koma ikafika Juni ndi Julaye, chiperoni chitakuta phiri ndi nkhungu ndi mvula yowaza, usiku nuzizira kufikira madigiri 12 kapena 13, pamene tiyi aleka kukula, nsonga imene m'dzinja ikadakhwima msanga ikhala masabata ambiri isanafike pothyoledwa. Madengu abwera opepuka. Komatu taonani tiyi wake! Awala m'kapu, wofiira ngati nthaka ya katondo, nathetheka pa lilime. Ukathiramo mkaka safooka, ndipo ndiye amene ogula pa okushoni ya ku Limbe amlemekeza.

Chifukwa chake anachifufuza akatswiri a ku Mimosa, kumene kuli malo ofufuzira za tiyi. M'tsamba laliwisi muli michere yowawa yotchedwa makatekini. Tsamba likadulidwa ndi kukomana ndi mpweya, michereyo isanduka theaflavin, ndiyo ipatsa tiyi kuwala ndi ukali wake. Ndipo nsonga yokula pang'onopang'ono m'chisanu ikhala ndi makatekini a mtundu woyenera ntchitoyi koposa nsonga yothamanga ya m'dzinja. Momwemonso feteleza wa nayitirojeni, akachuluka, achulukitsa masamba nachepetsa kukoma kwake. Ndipo pakuti michereyi, pamodzi ndi kafeini, yochuluka ikhala m'nsonga yanthete, m'pake kuti akapitawo aumirira masamba awiri ndi kansonga. Tsamba lachinayi ndi phesi lake zingolemeretsa sikelo.

Ine mphamvu yanga ndi yochepa, koma siili yachabe. Tsiku lotentha ndifulumira kuika tiyi pamoto, pakuti kufiira kukapitirira kuwala kuthawa. Tsiku lozizira ndidekha, ndi kumanunkhiza kawirikawiri, kufikira fungo la msipu litachoka ndi kulowa fungo lokoma la chipatso chakupsa. Choikamo chimene munda sunaikemo ndilibe.

Chimene chindiwawa mumtima ndi ichi. Tiyi wakhala m'dziko la Mulanje kuyambira 1891, ndipo kufikira lero muyeso waukulu wa thukuta la wothyola ndi mlimi wamng'ono ndiwo kulemera kwa dengu. Motero mayi amene alawirira m'mame a Julaye, zala zitauma ndi chisanu, nasankha nsonga imodziimodzi pa chitsamba chouma manja, ndiye anditengera tsamba lopambana la chaka chonse, ndiyenso abwerera kwawo ndi ndalama yochepa. Ndipo ambiri a anzake, olembedwa ntchito ya m'dzinja lokha, pa nyengoyi amakhala atauzidwa kale kuti akadikire mvula kumudzi.