Kabatani ka m'mbali mwa mpando: ulendo wa pa M1 ndi msana wa amalume

Ndinawapeza amalume pa Songwe atatsamira chitseko cha galimoto, dzanja lina lili m'chiuno ngati gogo amene wangoweruka kumunda. Inali m'ma 8 koloko m'mawa koma dzuwa la ku Karonga linali litayamba kale kuwotcha. Kutsidya kwa mlatho kunali Kasumulu, mbali ya Tanzania, ndipo kuno kwathu mathiraki anali atandanda mpaka kutali, anyamata osintha ndalama akuzungulira aliyense wotsika basi.

"Wafika mphwanga? Tandipatsa kaye madziwo," anatero, osawongoka n'komwe.

Amalume ntchito yawo ndi yokatenga magalimoto ochokera ku Japan padoko la Dar es Salaam n'kuwayendetsa mpaka pakhomo pa eni ake. Kuchoka ku Dar kufika pa Songwe ndi makilomita pafupifupi 900, ndipo kuchoka pa Songwe kukafika ku Lilongwe ndi enanso oposa 600. Aichita ntchitoyi kwa zaka zambiri, ndipo ndi imene imalipirira ana awo atatu fizi. Ndiye amayi atandiimbira foni kuti, "Pita ukawathandize amalume ako kuyendetsa, msana wavuta ndipo ayamba kunena zosiya ntchito," sindinafunse zambiri. Ndinakwera basi ya usiku.

Mapepala atatha, iwo anaumirira kuyendetsa okha mpaka pa Karonga. Pampando pawo panali chitenje cha azakhali, atachipinda bwinobwino n'kuchiika kumsana. Tinadutsa m'minda ya mpunga ya ku Kaporo, azimayi akugulitsa Kilombero m'mabeseni, njinga za kabaza zikulukanalukana m'mbali mwa msewu. Pakapita mphindi zochepa amalume ankapisa dzanja kumbuyo kukweza chitenje chija, chifukwa chinkangotsetserekera pansi.

Titadya nsima ya usipa pa Karonga, anandipatsa kiyi. Ine ndine wamfupi, choncho ndinapapasa m'mbali mwa mpando kuti ndiusunthire kutsogolo. Chala chinagunda kabatani kozungulira. Ndinangomva kaphokoso ka "zzz" mkati mwa mpando, kenako china chake chinayamba kundikankha pang'onopang'ono pamwamba pa chiuno.

"Iwe! Usamakhudze zinthu za eni ake. Ukawononga ulipira ndiwe?"

Apa m'pamene ndinadziwa nkhani yonse. Amalume akhala akukaona kabatanika m'magalimoto ambirimbiri, koma lamulo lawo ndi limodzi: galimoto ya munthu uyifikitse mmene waipezera. Wailesi yolankhula Chijapani sayikhudza, mabatani osawadziwa sawakhudza. Zaka zonsezi akhala akulimbana ndi chitenje, chonsecho chithandizo chili pafupi ndi dzanja lawo lamanja.

Kachipangizoka pa Chingerezi amati lumbar support, ndipo ntchito yake ndi kuchirikiza msana wa m'munsi. Mbali imeneyi ya msana ili ndi mafupa asanu, ndipo munthu akaimirira sikhala yowongoka ngati nsungwi. Imapindikira mkati pang'ono. Gwirani kumsana kwanu pamwamba pa lamba, mupeza kadzenje. Mukakhala pampando nthawi yaitali, chiuno chimagwera kumbuyo, kadzenje kaja kamatha, ndipo minofu ndi timapilo tokhala pakati pa mafupawo timayamba kupanikizika. Onjezanipo kunjenjemera kwa galimoto ndi maenje a mumsewu, maola khumi patsiku. Umenewo ndiye moyo wa amalume.

Mkati mwa mpando wotere mumakhala kathumba ka mpweya kopopedwa ndi kapampu, kapena kachitsulo kopindika kamene kamakokedwa ndi mota. Magalimoto ena alibe magetsi pamenepa, amangokhala ndi kogwirira kamene mumapotokola ndi dzanja. Mipando ina imangotulutsa ndi kubweza chochirikizacho, ina imathanso kuchikweza ndi kuchitsitsa kuti chigwirizane ndi msinkhu wa munthu. Si nzeru yadzana ayi. M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa mafupa wa ku Sweden, Alf Nachemson, anayeza kupanikizika kwa timapilo ta msana mwa anthu amoyo, ndipo anapeza kuti kukhala pansi popanda chotsamira kumatipanikiza kwambiri kuposa kuimirira. M'zaka zomwezo kampani ya Volvo inayamba kuika chochirikiza chosinthika m'mipando yake.

Zonsezi ndinkawafotokozera tikuyenda m'mbali mwa nyanja, kudutsa Chilumba kulowera ku Chitimba. Kumanzere madzi anali mbee, mabwato ali pamchenga, usipa utayanikidwa pathandala. Kumanja, pamwamba pa phiri, ndi kumene kuli Livingstonia. Amalume ankangoti "mhm", maso ali pazenera. Nditamaliza anati, "Ndiye kuti azunguwo anangotenga chitenje cha azakhali ako n'kuchiikira mota?"

Ndinaseka, koma sananame. Nzeru yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'koti cha mumpando sichitsetsereka.

Pa Chiweta msewu umasiya nyanja n'kuyamba kukwera phiri mokhotakhota. Anyani amakhala m'mphepete ngati akudikira minibasi, mathanki a mafuta akukwawa kutsogolo, ndipo cha kumtunda mumadutsa pafupi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga. Pamakona amenewa thupi limakankhidwira uku ndi uku, ndipo ndinamva kusiyana ndi mpando wa basi ya usiku ija, umene unandisiya ndi chiuno chowuma ngati chikuni. Mpando wa amalume, wa kumanzere, unalibe kabatani. M'magalimoto ambiri amakaika kwa dalaivala yekha. Ndinawaona akuluma mlomo pakona iliyonse.

Tinagona ku Mzuzu. M'mawa kunali chifunga, kukuzizira koti munthu n'kuiwala kuti dzulo lomweli timatuluka thukuta ku Karonga. Ndikupukuta galasi, ndinawapeza atakhala kale pampando wa dalaivala.

"Tandionetsa kanthu kako kaja. Koma pofika ku Lilongwe tikabweze mmene kanalili."

Tinayamba ndi mpando weniweniwo, chifukwa kabatani pakokha sikathandiza ngati munthu wakhala molakwika. Anachotsa chikwama m'thumba la kumbuyo, n'kukhala mpaka matako atagunda kumapeto kwa mpando. Tinausuntha kuti bondo lizikhala lopindika pang'ono akaponda buleki mpaka pansi. Chotsamira tinachidzutsa, poti iwo anazolowera kuchigoneka ngati ali pamkeka, n'kuchisiya chitangopendekera kumbuyo pang'ono. Kenako kabatani. Anakadina mpaka kumapeto n'kukuwa, "Aaa, ichi ndiye chibakera!" Tinabweza pang'onopang'ono mpaka chinangodzaza kadzenje kaja popanda kukankha. Pamenepo m'pamene pali poyenera: pamzere wa lamba kapena pamwamba pake pang'ono. Mukamachimva ngati chibakera, mwachitulutsa kwambiri.

Anayendetsa kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, mitengo ya paini ikutuluka m'chifunga, malo ena atangotsala zitsa ndi milu ya matabwa. Ndinkawayang'ana mwakabisira. Dzanja lija silinapitenso kumbuyo. Pa Jenda ndinawakakamiza kuima ngakhale ankati tichedwa. Tinagula tomato ndi mbatatesi za amayi, iwo n'kuyendayenda kwa mphindi khumi. Mpando ngakhale utakhala wabwino chotani, msana umafuna kusuntha, ndipo kuima pakatha maola awiri alionse kumathandizanso kuthamangitsa tulo.

Ndisakunamizeni kuti anachira. Titafika pa Kasungu anatsika akadali wogwira m'chiuno, kungoti sanatsamire chitseko. Ali pomwepo anandiuza chimene sanawauze amayi: masiku ena mwendo wakumanzere umachita dzanzi mpaka kuphazi. Apa ndinasiya nthabwala. Kupweteka kwa msana n'kofala, moti bungwe la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi vutoli, ndipo ambiri amapeza bwino pakapita nthawi. Koma dzanzi kapena kufooka kwa mwendo si nkhani ya kabatani, n'zofunika dokotala. Ndipo ngati munthu wayamba kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, kapena wachita dzanzi pakati pa miyendo, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

"Amalume, mukapite akakuoneni. Mwina akakutumizani kwa a mafizo."

"Ndi ulendo wa Lachinayi uno bwanji?"

"Galimoto idikira padoko. Msana mulibe wina wa sipeya."

Anakhala chete kudutsa Madisi ndi Mponela. Tikuyandikira pa Lumbadzi anangoti, "Undiperekeze Lolemba."

Kwa inu amene mukusunga ndalama zogulira galimoto yanu yoyamba, mukamaona zithunzi pa intaneti musamangoyang'ana marimu ndi sikirini. Onaninso m'mbali mwa mpando wa dalaivala. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene timagula, monga Mira ndi Passo, nthawi zambiri sakhala nako kabatanika, ndipo pamenepo thaulo kapena chitenje chopindidwa chimagwira ntchito ndithu. Ingochimangirirani kumpando ndi kachingwe kuti chisamatsike. Chimodzimodzinso mukamakwera basi ya ku Joni kapena ya ku Mzuzu: juzi yopindidwa kumsana ikhoza kukupulumutsani. Ndipo ngati kwanu kuli dalaivala wa thiraki, takisi kapena minibasi, mufunseni za msana wake. Ambiri sanena mpaka zitafika poipa.

Mwini galimoto tinamupeza ku Area 25 akutidikira pageti ndi banja lonse. Anazungulira galimoto yake kawiri, ana akulimbirana kukhala kutsogolo. Ine ndinakumbutsa amalume monong'ona kuti sitinabweze kabatani kaja. Anandiyang'ana, kenako anatsegula chitseko n'kuitana mwini wakeyo.

"Bwana, musanalize wailesi, takhalani kaye apa. Pali kanthu kena ndikuonetseni."

Chitenje cha azakhali anachipinda n'kuchiika m'chikwama. Anati galimoto yotsatira ndi Mira.