Kabokosi kamene kanandikhazika pansi ku Bristol

Ntchito ya masipika ndinaiphunzirira ku Limbe, pa makoyilo opsa. Lolemba m'mawa munthu ankabwera atanyamula sipika ya mainchesi 15 ikununkha utsi, itapsa pa ukwati wa Loweruka. Ndinkamatula pepala lake, kuwerenga mizere ya waya wakale, kukulunga wa kopa watsopano, kenako kulowetsa koyiloyo mumpata wa maginito nditatchinga ndi tizidutswa ta filimu ya X-ray kuti isakhule m'mbali. Mabokosi ndinkakhoma ndekha. Makasitomala anga, a mipingo ndi a zisangalalo, ankafunsa chinthu chimodzi: kodi imveka mpaka kumsika? Ndinakula ndikudziwa kuti sipika yabwino ndi yogunda pachifuwa.

Tsopano ndimakonza masipika kuno ku England, ndipo mwezi wa February ndinapita ku chionetsero cha Bristol Hi-Fi Show. Chimachitikira mu hotelo. Amachotsa mabedi m'zipinda, kampani iliyonse n'kuikamo zida zake ndi timizere ta mipando. Umayenda m'makonde mothithikana, nyimbo zikutulukira khomo lililonse.

Ine ndili ndi chizolowezi cha akalipentala: ndisanamvere sipika, ndimapempha chilolezo n'kugogoda bokosi lake ndi mfundo ya chala. Likalira ngati ng'oma, ndimadziwiratu kuti liziimba nawo nyimbo imene silinapemphedwe.

M'chipinda china munali zimphona zazitali kufika paphewa panga, zopakidwa utoto wonyezimira ngati galimoto, mtengo wake woposa malipiro anga a chaka. Nditagogoda zinangoti gwa, ngati mwala. Ntchito ya manja inali yosililika. Koma nyimbo itayamba mtima wanga unawawa, chifukwa besi inadzaza chipinda n'kumiza woimba. Vuto silinali la sipika yokha. Chipinda cha mamita 4 m'litali chimakuza chokha mawu a pafupifupi 43 Hz, pakuti mawuwo amagunda khoma n'kubwerera kudzakumana ndi anzake. Ukaikamo sipika yopangidwira holo, chingwe chimodzi cha gitala ya besi chimafufuma, zinazo n'kusowa. Ndinatuluka nyimbo isanathe.

Kumene ndinakhalitsa ndi kwa kabokosi kotchedwa LS3/5A, kotalika pafupifupi masentimita 30, koti ukhoza kukanyamula m'khwapa. Anakakonza ndi akatswiri a BBC m'zaka za m'ma 1970, kuti azimvera bwino mawu a owulutsa nkhani m'magalimoto opanikizika ojambulira mapulogalamu kunja kwa situdiyo. Koyambirira ankaikamo masipika awiri a KEF, B110 ya mawu apakati ndi apansi, ndi T27 ya mawu apamwamba. Mpaka lero makampani angapo amakapangabe ndi chilolezo cha BBC.

Nditakagogoda sikanati gwa ngati zimphona zija, komanso sikanalire. Kanangoti phu, mawu n'kufera pomwepo. Apa ndi pamene panali phunziro langa. Makoma ake ndi plywood ya birch yopyapyala, mamilimita 12 okha, koma mkati anamatamo mapepala a phula. Nzeru yake ndi yakuti thabwa lopyapyala lolemedwa ndi phula limanjenjemera pa mawu apansi, kutali ndi pamene pamakhala liwu la munthu, ndipo phulalo limazimitsa kunjenjemerako msanga. Bokosilo n'lotseka, lilibe bowo lotulukira mpweya.

Anaika nyimbo ya mayi wina woimba ndi piyano yokha. Ndinamva akukoka mpweya asanayambe mzere. Ndinamva milomo ikutseguka. Liwulo silinkachokera kumanzere kapena kumanja, linaima pakati penipeni, pamalo opanda kanthu, pa msinkhu wa munthu woimirira. Ndinakumbukira makwaya onse amene ndinawapangira mabokosi kwathu, amayi a mawu okoma amene anthu a kumbuyo kwa tchalitchi ankangomva phokoso lawo osamva zimene akuimba. Mabokosi amenewo anali a manja angawa, a chipboard chopanda mitanda mkati, twita yolumikizidwa ndi capacitor imodzi basi.

Kabokosika kali ndi malire ake. Besi yakuya mulibe, ndipo ukakakweza kwambiri kamatopa. Pa ukwati wa pabwalo sikangathandize aliyense. Sindikunena kuti anzanga a ku Limbe ndi ku Ndirande asiye kukhoma mabokosi aakulu, anthu amafuna kuvina. Koma zimene zimapangitsa liwu kumveka bwino sizifuna ndalama za ku Ulaya. Thabwa lopingasa lolumikiza makoma awiri oyang'anizana, guluu wokwanira m'makona kuti mpweya usathawe, thonje kapena bulangete lakale kukhoma la kumbuyo, ndi crossover yowerengedwa bwino m'malo mongolumikiza mwachisawawa. Phula lomatira madenga limapezeka m'mahadiweya ambiri.

Amisiri anzanga, bokosi lotsatira mukamaliza, musayambe ndi nyimbo ya besi. Ligogodeni kaye mbali zonse, kenako ikani wailesi pa nthawi ya nkhani, muime kumapeto kwa chipinda, mumve ngati mawu aliwonse a wowerengayo akukufikani.