Ndinagula Chitseko pa Ilala

Tsiku lina Lamulungu madzulo, ndili khale pakhonde kwathu ku Chilomoni, ndinalandira lamya kuchokera kwa msuweni wanga amene wakhala ku Durban, m'dziko la South Africa, kwa zaka zoposa 15. Titalonjerana ndi kudandaulirana za kukwera mitengo kwa zinthu, iye anandiuza kuti ali ndi nkhani imene ikumusowetsa tulo. Mtima wanga unagunda, pakuti abale athu a ku Joni akayamba choncho, kawirikawiri imakhala nkhani ya matenda, ya mapepala, kapena ya maliro ofunika kubwera nawo kumudzi. Koma ayi ndithu. Iye ndi mkazi wake akukwanitsa zaka 20 ali pabanja, ndipo wakhala akusunga ndalama kuti akasangalale pa sitima ya pamadzi, ija anthu amakwera n'cholinga chongoyandama, kudya ndi kupuma. Vuto lake linali posankha.

"Msuweni," anatero, "kodi ndilipire chipinda chapamwamba pa sitima yaikulu yokwera aliyense, kapena ndiwonjezere ndalama ndikwere sitima yaing'ono imene yonse ndi ya apamwamba okhaokha?"

Ndinaseka mpaka mayi a kunyumba anasuzumira pazenera. "Iwe," ndinamuyankha, "funso lotere ukufunsa munthu wa m'boma amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati?"

Kwa awerengi amene, monga ine, sanazionepo sitima zoterezi ndi maso, nkhani yake ili motere. M'nyengo yotentha, sitima za kampani ya MSC zimanyamuka ku Durban ndi anthu zikwizikwi kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique, n'kubwereranso patapita masiku ochepa. Makampani aakulu otere anaona kuti pakati pa khamulo pali ena a matumba olemera, choncho pa sitima zawo zina anapatula chigawo chotsekedwa, chokhala ndi zipinda zazikulu, malo akeake odyera, dziwe lake losambiramo, ndi wantchito wokutumikira usiku ndi usana. A MSC amachitcha Yacht Club, pamene a Norwegian amachitcha The Haven. Mbali inayi kuli makampani monga Silversea ndi Seabourn, amene sitima zawo zimanyamula anthu mazana ochepa okha, ndipo zakumwa ndi zambiri zimene kwina umalipira padera zimakhala zili kale m'tikiti. Kumeneko kulibe chigawo chotsekedwa chifukwa kulibe womutsekera kunja.

Komatu msuweni wangayo sanandiimbire mwangozi. Pa mtundu wathu ndimadziwika kuti ndine munthu amene anakongola ndalama kuti alipire chipinda chodula kuposa zonse pa Ilala.

Ife a ku Blantyre timaiona Ilala ngati ya anthu a kunyanja, kuiwala kuti eni ake oyamba anali kuno kwathu. Sitimayi inapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndipo amene anaiitanitsa anali a Nyasaland Railways, amene likulu lawo linali ku Limbe. Inabwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, inalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu m'chaka cha 1951. Ndi yaitali mamita pafupifupi 52. Dzina lake inatengera kwa Ilala yoyamba imene amishoni a Livingstonia anafika nayo pa nyanja m'chaka cha 1875, pokumbukira dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira m'chaka cha 1873. Sitimayi inamangidwa mosanja, ndipo anthu anasanjidwanso chimodzimodzi: pansi penipeni otchipa pamodzi ndi katundu, kenako kalasi yachiwiri, kenako zipinda zogona ndi chipinda chodyera, ndipo pamwamba penipeni khonde lalikulu lapamtetete lokhala ndi bala. Mwa zipinda zogonazo, chodula kuposa zonse chimatchedwa Owner's Cabin, kunena kuti chipinda cha mwini sitima.

M'chaka cha 2018, apongozi anga aakazi, amene kwawo ndi ku Likoma, anabwera kuno ku Blantyre kudzachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Anakhala nafe miyezi itatu, ndipo mu Ogasiti adotolo anawalola kubwerera kwawo. Ndege zing'onozing'ono zimatera pa chilumbacho, zonyamula makamaka alendo opita ku malo odula monga Kaya Mawa, koma mtengo wake sunali wa msinkhu wanga. Njira yathu inali Ilala. Ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde ya kuntchito, ndipo anzanga atandifunsa chifukwa, ndinawauza kuti munthu wa bala la opaleshoni sangagone pa benchi. Chimenecho chinali choona, koma sichinali choona chonse. Pansi pa mtima ndinkafuna kuti anthu a ku Likoma aone ndi maso awo kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mkamwini wamba. Ndinkaona kale m'maganizo apongozi akutsika kuchokera pamwamba, anthu pagombe akunong'onezana.

Tinanyamuka ku Limbe Lachinayi m'mawa, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, n'kukagona ku Monkey Bay. Lachisanu m'mawa tinakwera sitima. Wantchito anatitsegulira chipinda chija, ndipo kunena zoona chinali chabwino: pogona poyalidwa bwino, chimbudzi ndi bafa zam'kati momwemo, ndi chitseko chokhala ndi kiyi wake. Apa m'pamene ndinakumbukira chimene ndinayenera kuchiganizira ndili ku Chilomoni. Mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi ake. Chipinda chimene ndinachikongolera ndalama ndinangochiona ndili pakhomo, kenako ndinakwera pa khonde lapamwamba n'kukabwereka matiresi.

Apongozi anakhala pa bedi, anaomba m'manja mothokoza, ndipo anayang'ana makoma onse anayi. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi, anafunsa mwana wawo kuti, "Kodi anthu ali kuti?" Atauzidwa kuti anthu ali pansi, anatenga ndodo yawo, ndipo pang'onopang'ono, atagwiridwa mkono, anatsika masitepe onse amene ine ndinalipira kuti akwere.

Masana ndinatsika kukawaona. Ndinawapeza atakhala pa thumba la chimanga, pakati pa malata, mitolo ya nzimbe, madengu a tomato ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Anali atazunguliridwa ndi amayi anzawo a mpingo wa Anglican amene amapemphera nawo ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Ankawauza amene anamwalira iwo ali ku Blantyre, amene anakwatiwa, ndi mmene usipa unagwidwira chaka chimenecho. Kunali kutentha, injini inkalira pafupi, koma nkhope imene ndinaiona pamenepo sindinaionepo m'miyezi yonse itatu ya ku Chilomoni. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Ine sizinandisangalatse. Ndinaitanira mayi a kunyumba pambali n'kuwakumbutsa kuti chipinda chili chokhoma pamwamba, ndipo ola lililonse limene chikukhala chopanda munthu ndi ndalama ya ngongole. Iwo anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Abambo, asiyeni amayi. Miyezi itatu akhala m'chipinda chotseka, lero mukufuna muwatsekerenso?" Ndinasowa poyankha. Ndinabwerera pamwamba, pakati pa alendo ochokera kunja amene ankajambula mapiri ndi kukambirana za mayiko amene anayendako. Chingerezi ndimachimva bwino, koma ndinalibe choponyapo pa macheza awo. Ndinakhala pakona ndi botolo limodzi la chakumwa, ndikuwerengera m'mutu miyezi yobweza ngongole.

Zinthu zinasintha usiku. Ogasiti ndi nyengo ya mwera, mphepo ija imachokera kummwera n'kuitembenuza nyanja. Dzuwa litalowa, mafunde anakula ndipo sitima inayamba kupendama uku ndi uku. Ndinaphunzira usiku umenewo kuti ukakhala pamwamba m'pamene umagwedezeka kwambiri, pakuti sitima ikamapendama, nsonga yake ndiyo imayenda mtunda wautali, monga umachitira mtengo wa bulugamu kukamaomba mphepo. Amene tinalipira zambiri tinadwala chimodzimodzi ndi amene analipira zochepa, mwinanso kuposa. Nditadzikulunga m'bulangete pa matiresi anga, ndinakumbukira za sitima ya Viphya imene inamira kumpoto kwa nyanja yomweyi m'chaka cha 1946 ndi kupha anthu 145. Nyanja siinafunse aliyense wa iwo kuti aonetse tikiti.

Usiku womwewo ndi umene chipinda chija chinagwira ntchito yake. Mafunde atayamba, mayi a kunyumba ndi anyamata awiri a ku Likoma anawakweza apongozi n'kuwagoneka. Anagona chowongoka, popanda wowaponda kapena thumba lowagwera pa bala. Pofuna kudzithandiza, sanayende mu mdima pa sitima yopendama kukaima pa mzere, pakuti chimbudzi chinali pafupi ndi bedi. Titaima ku Nkhotakota pakati pa usiku, anthu akukwera ndi kutsika ndi phokoso lalikulu, iwo sanamve kanthu. Kutacha anatumiza mawu kudzera mwa mwana wawo, monga mwa ulemu wathu: "Muwauze bambo kuti ndagona ngati ndili kumtunda." Mawu amenewo ndimawasungabe.

Tinafika ku Likoma Loweruka. Masiku amenewo sitima inkaponya nangula patali ndi gombe, ndipo anthu ankatsikira m'maboti amene ankawapititsa kumtunda. Tonse, a pamwamba ndi a pansi, tinakumana pa khomo limodzi lotsikira. M'boti lathu munali mlendo wa kamera yodula, munali mayi wobereka mwana, munali matumba a ufa ndi apongozi anga. Pofika pagombe tonse tinali titanyowa miyendo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa otichingamira amene akanadziwa kuti uyu wagona pati. Kunong'onezana kumene ndinakuyembekezera sikunachitike. Anthu anangothamangira mayi wawo, akulira ndi chimwemwe kuti wabwera akuyenda yekha.

Ngongole ija ndinaibweza miyezi inayi, ndipo m'miyezi imeneyo ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza. Ndinaona kuti ndalama yanga inagula zinthu ziwiri zosiyana pa tikiti imodzi. Choyamba chinali bedi, chimbudzi ndi bata kwa munthu wodwala, ndipo pa chimenecho sindidandaula ngakhale tambala imodzi. Chachiwiri chinali maso a anthu, ndipo ndalama imeneyo inamira m'nyanja. Ndinazindikiranso kuti chimene chimagulitsidwa m'chipinda chapamwamba pa sitima ya anthu onse ndi chitseko. Sitima ndi yomweyo, madoko ndi omwewo, mphepo ndi yomweyo. Chitsekocho ubwino wake ndi wakuti chimatseguka mbali zonse ziwiri: apongozi anatsika pamene anafuna anthu, anakwera pamene thupi linafuna mpumulo. Akanakhala pa sitima ya apamwamba okhaokha, akanagona bwino ndithu, koma funso lawo lija lakuti anthu ali kuti likanasowa yankho.

Zimenezi n'zimene ndinamuuza msuweni wanga. Ndinati ayambe wakhala pansi ndi cholembera, pakuti mtengo wolembedwa pa chithunzi chokopa sindiwo umatuluka m'thumba. Pa chipinda chapamwamba cha sitima yaikulu aone bwino zimene zili m'tikiti ndi zimene adzalipire padera, monga maulendo a kumtunda sitima ikaima. Pa sitima yaing'ono awerengere masiku, popeza maulendo ake kawirikawiri amakhala aatali, ndipo awonjezere ndalama ya ndege ngati ikunyamukira doko lakutali. Akatero adzaona ngati mitengo iwiriyo yatalikirana kapena yayandikana. Koma ndinamuchenjeza kuti masamu okha samaliza nkhaniyi. Munthu wokonda magule, nyimbo ndi khamu, amene amangofuna pothawira akatopa, chitseko chimamuyenera. Munthu amene khamu limamudwalitsa mutu, kulipira chitseko n'kudzitsekera m'kachigawo kamodzi ka sitima yaikulu pamene akanatha kukhala ndi sitima yonse yabata. Ndipo amene akufuna chipindacho kuti ajambulitse zithunzi zotumiza kumudzi, ameneyo ndi ine wa 2018, ndipo ndikumumvera chisoni.

Kenako ndinamufunsa kuti, "Nanga alamu akuti chiyani?"

Anakhala chete pang'ono. Anati sanawauze, chifukwa akufuna kuti chidzakhale chowadzidzimutsa.

Apa ndinasekanso, koma ulendo uno ndinkadziseka ndekha. Alamu angawo ndimawadziwa. Ndi munthu woimba kwaya, amene akakwera basi ya ku Joni amafika ku Mwanza akudziwa dzina la aliyense ndi kwawo komwe. Kuwaika pa sitima yachete ya anthu olankhula monong'ona kungakhale kuwalanga ndi ndalama zambiri. Komabe sindinafune kuwasankhira, pakuti kulakwa kwanga pa Ilala kunali komweko. Ndinakambirana ndi anzanga a kuntchito, ndinakambirana ndi a banki mkhonde, ndinakambirana ndi mtima wanga wonyada, koma munthu amene ankakagona m'chipindamo sindinamufunse. Ndikanafunsa, mwina ndikanalipirabe chipinda chomwecho chifukwa cha bala lija, koma ndikanadziwa chimene ndikugula, ndipo sindikanataya tsiku lonse la pa nyanja yokongola ndikuwerengera maola a chitseko chokhoma.

Msuweni wanga analonjeza kuti awafunsa usiku womwewo. Apongozi anga ali moyo ku Likoma, ndipo ndodo ija anaisiya. Ndimamva kuti mpaka lero amauza anzawo kuti mkamwini wawo wa ku Blantyre anawagulira bedi pakati pa nyanja. Zakuti chinali chipinda cha mwini sitima satchula n'komwe, ndipo ndikukayika ngati anazidziwa.