Ukwati sudikira wojambula

Ndimajambula zithunzi m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno ku Blantyre. Telala akadwala amauza kasitomala kuti abwerenso Lachiwiri, koma ife mwayi umenewo tilibe. Makadi anagawidwa kalekale, holo inalipiridwa, abusa anapereka nthawi. Mphete ikalowa pachala iwe kulibe, palibe amene adzaivule kuti ujambule.

Komatu nafenso ndife anthu. Uthenga wa maliro umafika Lachisanu usiku kuti amalume atisiya ku Ntcheu, ndipo sunganene kuti ndibwera ukwati ukatha. Malungo nawo safunsa kaye. M'chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atagumula misewu ndi milatho m'chigawo chakumwera, ena kamera anali nayo m'manja koma njira yofikira kuntchito panalibe.

N'chifukwa chake ndisanalandire dipoziti pa Mpamba kapena Airtel Money, ndimayamba ndafunsa pagulu lathu la ojambula la pa WhatsApp kuti tsikulo ali womasuka ndani. Mmodzi mwa anzangawo ndi wa mpingo wa Seventh-day Adventist. Loweruka sagwira kamera, choncho makasitomala ake a tsikulo amawatumiza kwa ine. Maukwati a mpingo wawo amachitika Lamulungu, ndipo ine ndikatanganidwa tsiku limenelo amandiimirira ndi iyeyo.

Sindituma munthu chifukwa choti ali ndi kamera yodula. Ndimatuma amene ndinagwirapo naye ntchito, ndikumuona kuti amafika mkwatibwi asanayambe kuvala, salawa mowa wa alendo, ndipo amadziwa kugwada poyankhula ndi akuluakulu. Eni ukwati analemba ine, ndiye chilichonse chimene iye akachite chidzatchedwa changa.

Pomusiyira ntchito, za kamera sitikambirana kwenikweni, zimenezo amazidziwa. Timakambirana za anthu. Ndimamulembera nambala ya wapampando wa komiti, ndi kumuuza kuti ankhoswe akuchimuna ndi awa, akuchikazi ndi awa. Pali agogo amene achoka kumudzi chifukwa cha tsikuli, asakasowe pachithunzi. Makolo a mkwati anasiyana, usakawaimike pamodzi usanafunse. Tchalitchi ichi salola fulashi, ndipo kuguwa sukwerako. Pachinkhoswe ukaime pamene ungaone bwino ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, chifukwa chithunzi chimenecho banja limachifunsa ndithu.

Pamene pamagwa alendo pantchitoyi ndi pa perekaniperekani. Mwambowu umatalika, gulu lililonse limaitanidwa palokha, la kuntchito, la kutchalitchi, la kuchikazi, ndipo aliyense amafuna aoneke akuponya ndalama m'lichero. Batire limathera pomwepo, memori khadi n'kudzaza keke asanadule. Ndiye ndimamupatsa mabatire anga otchaja kale, poti magetsi akhoza kuzima usiku wonse, pamodzi ndi khadi yachiwiri.

Eni ukwati ndimawaimbira ndekha, ngakhale ndili pamaliro. Ndimawauza dzina la amene akubwera ndi kuwatumizira zithunzi zimene anajambulapo. Si bwino kuti akangopeza nkhope yachilendo pakhomo la tchalitchi.

Za ndalama timamvana asananyamuke, ndipo gawo lake amalandira tsiku lomwelo, kaya kasitomala wamaliza kulipira kaya ayi. Kusankha zithunzi, kuzikonza ndi kupanga alubamu zimabwerera kwa ine. Lamulo lathu ndi limodzi: wotumidwa sabera mnzake kasitomala. Wina anauza akuchikazi kuti chinkhoswe cha mng'ono wa mkwatibwi adzamuimbire iyeyo, adzawachotserako mtengo. Nkhaniyo inamveka, ndipo mpaka pano palibe amene amamutuma.

Anyamata amene ndikuwaphunzitsa amathamangira kufunsa mtengo wa lenzi. Ine ndimawauza kuti ayambe anyamula chikwama cha mnzawo Loweruka limene alibe ntchito, ngakhale kwaulere. Kupatsa n'kuika. Tsiku limene kudzagwe zovuta kwawo, amene adzayankhe foni pakati pa usiku ndi omwewo.