Nsapato za bola zinachepa

Mwana wathu wamkazi anali kukonda bola. Akachoka ku sukulu, anali kuthamangira ku giraundi ya mu komboni mpaka madzulo. Ali mu giredi 6 tinamuletsa, chifukwa ana a aneba anali kupita ku ma tuition ndipo tinaopa kuti wathu atsalira.

Giredi 7 anapasa bwino, koma kuseka kunachepa panyumba. Mu 2024, powerenga pa wailesi kuti Barbra Banda wapita ku Orlando Pride, mau anatigwira pakhosi. Sitikuti akanakhala Barbra. Chotiwawa n'chakuti sitinamufunse, tinangoyang'ana kwa aneba.

Tinazengereza, koma Ciwelu capita tinamuuza kuti abwerere ku giraundi. Anangoti, "Adadi, nsapato zinachepa kale."

Mawa tipita naye ku salaula ku Soweto.