Manja a Woyendetsa Ndege, ku Ulaya ndi ku Zambia

Ndege zikuluzikulu zimene anthu a ku Mandevu amaziona zikulowera ku bwalo la Kenneth Kaunda zimakhala zitayenda gawo lalikulu la ulendo ndi autopilot, chipangizo chimene chimasunga njira ndi kutalika kwa ndege m'mwamba. Woyendetsa akachizimitsa, ntchito yonse imabwerera m'manja ndi m'mapazi mwake. Akakokera chiwongolero kwa iye, chipsepse chopingasa cha kumchira chimadzutsa mphuno ya ndege; akachipendeketsa, timapiko ta kunsonga kwa mapiko timatsitsa phiko limodzi n'kukweza linzake, pamene mapazi amaponda zopondera ziwiri zoyendetsa tsigiro ndipo dzanja linalo limagwira mphamvu ya injini. Ndege zambiri za Airbus zili ndi kandodo kam'mbali m'malo mwa chiwongolero, ndipo chimene dzanja lalamula chimayamba chadutsa m'kompyuta.

Mzambia wokhala ku Ulaya amazindikira msanga kuti kumeneko, pa maulendo aatali, woyendetsa amagwira yekha ndege kwa mphindi zochepa chabe, ponyamuka ndi potera. Kuipa kwake kunaoneka pa 1 June 2009, pamene ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inagwera m'nyanja ya Atlantic ndi anthu 228: timachubu toyezera liwiro titatsekeka ndi madzi oundana, autopilot inadzizimitsa, ndipo woyendetsa anapitiriza kukweza mphuno kufikira mapiko ataleka kunyamula ndege. M'chaka cha 2013 bungwe la FAA la ku America linalimbikitsa makampani kuti oyendetsa azipatsidwa mpata woulutsa ndi manja.

Ku Zambia mpata umenewo sunasowepo. Wachinyamata amene amatengera alendo ku Jeki, m'chigwa cha Zambezi, pa ndege yaing'ono, amatera pa bwalo lopanda phula, pomwe ayenera kuonetsetsa kuti palibe nswala kapena njovu asanatsike, ndipo m'mwezi wa October, mpweya ukatentha n'kupepuka, amamva m'manja mwake momwe ndege ikuvutikira kukwera. Ntchitoyi ambiri amaiona ngati podutsira popita ku makampani akuluakulu, koma n'kulakwa kuipeputsa, pakuti luso limene akunja akulifunafuna m'makina oyeserera, a ku Zambia amaliphunzira atanyamula anthu enieni. Chimene bwalo lafumbi silingaphunzitse ndi khalidwe la ndege yaikulu ikakhala pamwamba kwambiri, pomwe mpweya ndi wochepa ndipo kukoka pang'ono kumaisuntha kwambiri. Zimenezo amakaziyeserera m'makina a ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg.