Mchenga ndi wathu, chipatala ndi chathu

Mchemwali wanga anadikira mwana wake woyamba pakhonde la chipatala chaching'ono cha kwathu. Mabedi anali atadzaza, ndipo amayi ochokera kutali ankayala mphasa panja, mvula ikuwawaza. Ine, amene ntchito yanga ndi kulembera mabungwe othandiza, ndinachita manyazi.

Nditapita kwa a gulupu ndi maganizo olemba kalata yopempha ndalama zomangira chidikiro, iwo anandifunsa kuti: "Mwanawe, alendowo akabwera adzapeza chiyani pansipa?"

Funsolo linandikumbutsa MASAF, yomwe inayamba mu 1995. Masiku amenewo midzi inkaumba njerwa ndi kututa mchenga, thumbalo n'kugula simenti ndi malata. Kuyambira mu 2018 malamulo salolanso njerwa zootcha pa nyumba za boma, pofuna kuteteza mitengo. Komabe mabuloko a simenti amafuna mchenga ndi madzi, ndipo izi tili nazo.

Tinayamba motero. Banja lililonse linasonkha ndowa ya chimanga, komiti n'kugulitsa. Achinyamata anaswa miyala. Msungichuma ankawerenga ndalama pamsonkhano, aliyense akumva. Bungwe lothandiza litafika, linapeza milu ya mchenga ndi buku lolongosoka. Silinachedwe kuvomera.

Anzanga alangizi ndi alimi, wothandiza amabwera ndi kupita. Mpope ukadzathyoka kapena denga likadzadontha, iye adzakhala ali kutali. Adzakonze ndani? Ndi yemwe anasenza mchenga pamutu, chifukwa amadziwa kuti nyumbayo ndi yake.